Imvi Zidza Zokha, Ukulu Uchita Kulimidwa



Palibe munthu amene apempha imvi, komabe zidza. Zidza kwa mfumu, zidza kwa mlimi. Zidza kwa wopemphera, zidzanso kwa iye amene sanagwadepo chibadwire. Mano agwedera, maso achita chidima, maondo alira pokwera chitunda, ndipo khasu limene dzana linali lopepuka lero lilemera. Zimenezi sizifuna nzeru kapena khama iai. Munthu angokhala ndi moyo, ndipo zimpeza.

Koma tonse tidziwa kuti pamudzi pali nkhalamba za mitundu iwiri. Ina, ana akaiona ili pakhonde, azungulira kuseri kwa nkhokwe kuti asakumane nayo, pakuti m'kamwa mwake muli madandaulo okhaokha, ndi milandu yamakedzana imene eni ake anagona kale kumanda. Inzake, njira ya pakhomo pake simera udzu: okwatirana kumene apita komweko banja likawavuta, abale olimbirana malire a munda akakhala pamphasa pake, ndipo ana athamangirako chinkana ilibe kanthu kowapatsa. Zaka zao n'zofanana, imvi zao n'zofanana, umphawi wao ndi umodzi. Koma yoyambayo yangokalamba, yachiwiriyo yakula. Ndiyo imene makolo athu anainena pamene anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Nanga kusiyana kumeneku kuchokera kuti? Ena ati n'chibadwa. Chibadwa chilipo ndithu, sitikana. Koma ife amene tiyenda m'midzi kuphunzitsa katekisimu ndi kuzonda odwala, taona ofatsa ena atawawa ngati ndulu pokalamba, ndi aukali ena atazizira ngati madzi a mumtsuko. Chifukwa chake tinena kuti ukulu suli mphatso ya zaka. Uli ngati munda: munthu aswa mphanje, nabzala, napalira tsiku ndi tsiku ndi makasu aang'ono a pemphero ndi kudziletsa, amene awagwira payekha popanda womuona. Ndipo kuti mau awa asakhale ouma, tikuuzeni mbiri ya nkhalamba imodzi ya ku Italy imene anthu anaitcha Papa wabwino, ndiye Yohane XXIII Woyera.

MWANA WA ALIMI

Dzina lake la ubatizo linali Angelo Giuseppe Roncalli. Anabadwa pa 25 Novembala 1881 m'mudzi wa Sotto il Monte, pafupi ndi mzinda wa Bergamo, kumpoto kwa Italy. Makolo ake anali alimi osauka, olima munda wa mwini, ndipo pokolola ankagawana dzinthu ndi mwini mundayo. Ana anali oposa 10, ndi abale enanso ankakhala m'nyumba yomweyo. Chakudya chao cha masiku onse chinali polenta, ndiwo ufa wa chimanga wophikidwa molimba monga nsima yathu.

M'nyumbamo munali nkhalamba dzina lake Zaverio, mbale wa agogo ake aamuna a mwanayo. Munthu ameneyu sanakwatire, ndipo sanali wansembe. Anali mlimi monga anzake, koma ndiye anali mkulu wa banja. Ndiye anaimira Angelo pa ubatizo, tsiku lomwelo la kubadwa kwake. Ndiye ankasonkhanitsa banja lonse madzulo, ntchito ya kumunda itatha, natsogolera Kolona. Ndipo Angelo, kufikira ukalamba wake, sanaleke kutchula nkhalamba imeneyi monga mphunzitsi wake woyamba wa za Mulungu. Taonani tsono, mkulu aleredwa pa maondo a mkulu mnzake. Zaverio sanadziwe kuti ali kulera Papa. Anangochita madzulo alionse chimene anazolowera kuchita, ndipo mwana anaona.

MAKASU AANG'ONO

Mu 1892 mnyamatayo analowa seminale ya ku Bergamo. Mu 1895, ali ndi zaka 14, anatenga kabuku nalembamo malamulo a moyo wake, ogawidwa monga mwa nthawi zake. Za tsiku lililonse zinali izi: kusinkhasinkha za Mulungu kanthawi m'mamawa, kumva Misa, kuwerenga buku la zauzimu, kucheza ndi Ambuye mu Ukaristia, kunena Kolona, ndi kudzifufuza mumtima asanagone. Za sabata iliyonse: kulapa. Za mwezi uliwonse: tsiku limodzi lakuyang'ana kumene wachokera ndi kumene alinkumka. Za chaka chilichonse: m'bindikiro wa masiku angapo.

Mwa zonsezi mulibe chachilendo. Ophunzira katekisimu athu azidziwa pafupifupi zonse. Chodabwitsa ndi chimodzi chokha, ndicho chakuti sanazileke. Anapitirira kulemba za mumtima mwake zaka zoposa 65, ali mnyamata, ali wansembe, ali episkopi, ali Papa. Atamwalira, mlembi wake Loris Capovilla anasonkhanitsa zolembazo, ndipo zinasindikizidwa mu 1964 m'buku lotchedwa Il Giornale dell'Anima, ndiko kunena buku la masiku a mzimu. Wowerenga bukulo sapezamo masomphenya kapena zozizwitsa. Apezamo munthu wodzidzudzula chifukwa cha kulankhula kwambiri, kukonda kutamandidwa, ndi maganizo omwazika popemphera. Ndipo chaka china apezanso udzu womwewo utamera pamalo pomwepo, mwini munda nauzulanso. Mlimi sadabwa kuti udzu wameranso pamene anapalira. Akadabwa, nataya khasu, ndiye kuti wasiyira tchire munda wake.

Mu 1903, ali pafupi kudzozedwa unsembe, anazindikira chinthu china chachikulu. Kufikira pamenepo ankayesa kutsanzira Aloysius Gonzaga Woyera m'zonse, nalephera, nada nkhawa. Tsono anaona kuti Mulungu safuna kuti munthu akhale chithunzi cha mnzake, koma kuti atenge mtima wa oyerawo, naubalitse monga mwa chibadwa chake ndi malo ake. Mau amenewa atonthoza agogo athu a kumudzi. Mulungu sawafunsa mapemphero a amonke, kapena kusala kumene thupi lao silingathe. Awafunsa makasu a msinkhu wao, koma ogwidwa masiku onse.

ZAKA ZA KUIWALIKA

Mtima wa munthu suwawa tsiku limodzi. Uyamba kuwawa pakati pa moyo, pamene aona anzake alinkukwera iye ali pomwepo, pamene agwira ntchito popanda womuthokoza. Mayeso amenewa anampeza Roncalli. Anadzozedwa unsembe pa 10 Ogasiti 1904. Pa nkhondo yaikulu yoyamba anatumikira asilikali ovulala ndi odwala m'zipatala. Mu 1925 anamdzoza uepiskopi namtuma ku Bulgaria, dziko limene Akatolika anali ochepa ndi omwazika, kotero kuti ankayenda pa kavalo kukafika kumidzi ya m'mapiri. Iye anayesa kuti ndi ulendo wa kanthawi, koma anakhalako zaka pafupifupi 10, ndipo m'zolemba zake aulula kuti zimene zinamuwawa koposa sizinachokere kwa eni dziko, koma kwa akulu ake a ku Roma amene anaoneka ngati amuiwala. Kuchokera uko anamtuma ku Turkey ndi Greece, kumene anakhala kuyambira 1935 kufikira 1944. Atate ake anamwalira mu 1935, amai ake mu 1939, iye ali kutali kudziko la eni.

Zaka 20 zotere zikwanira kusandutsa munthu nkhalamba ya madandaulo. Koma pakudzozedwa uepiskopi anasankha mau awiri akhale chizindikiro chake, ndiwo kumvera ndi mtendere, ndipo madzulo alionse ankatula kuwawa kwa tsikulo pamaso pa Mulungu, kusakuleka kugone mumtima kufikira m'mawa. Motero mtima unatsala ndi malo a anthu ena. Anapalana ubwenzi ndi Akristu a mpingo wa Orthodox ndi Asilamu, anaphunzira chilankhulo cha ku Turkey ali wamkulu kale, ndipo pa nkhondo yaikulu yachiwiri anathandiza Ayuda ambiri kuthawa imfa. Kumapeto kwa 1944, ali ndi zaka 63, anamtuma ku Paris. Mu 1953, ali ndi zaka 71, anakhala kadinala ndi mbusa wa mzinda wa Venice, naganiza kuti ndiko kukathera moyo wake.

MOTO UZIMIRA M'DAMBO

Koma pa 28 Okutobala 1958 makadinala anamsankha kukhala Papa, ali ndi zaka 76. Ambiri anati nkhalamba iyi ingosunga mpando zaka zochepa, osasuntha kanthu. Analakwa, pakuti sanadziwe nkhokwe imene inadzazidwa mwakachetechete zaka zonse zija.

Pa Khirisimasi yake yoyamba anapita kukaona ana odwala m'chipatala, ndipo m'mawa mwake, pa 26 Disembala, analowa m'ndende ya Regina Coeli ku Roma, nauza akaidi kuti popeza iwo sakanatha kudza kwa iye, iye wadza kwa iwo. Pa 25 Januwale 1959, miyezi itatu isanakwane bwino, analengeza kuti aitana maepiskopi a dziko lonse ku msonkhano waukulu, umene lero tiutcha Vatican II. Nafenso dzanja lake linatikhudza: pa 25 Epulo 1959 anakhazikitsa madayosizi okhazikika m'dziko la Nyasaland, ndilo Malawi wa lero, ndi ku Northern Rhodesia, ndilo Zambia, nakweza Blantyre ndi Lusaka kukhala mipando ya maarkiepiskopi, ndipo mu 1960 anapatsa ukadinala Laurean Rugambwa wa ku Tanganyika, Mwafirika woyamba kuulandira m'nthawi zathu zino.

Mu Seputembala 1962 madokotala anampeza ndi khansa ya m'mimba. Komabe pa 11 Okutobala anatsegula msonkhano uja pamaso pa maepiskopi oposa 2,000, alikudziwa kuti mapeto ake sadzawaona. Ndimo achitira mkulu weniweni: abzala mango amene adzadya ndi adzukulu. Madzulo a tsiku lomwelo, khamu litasonkhana pabwalo ndi miuni, mwezi uli mbee, anawauza kuti akafika kwao akasisite ana ao, nawauze kuti ndi moni wa Papa. Patapita masabata awiri, America ndi Soviet Union anatsala pang'ono kumenyana ndi mabomba a nyukiliya chifukwa cha zida zimene zinaikidwa pa chilumba cha Cuba. Pa 25 Okutobala nkhalamba yodwalayo inalankhula pa wailesi, nipempha atsogoleri a maiko kuti amve kulira kwa anthu ndi kupitiriza kukambirana. Sitinena kuti mau ake okha ndiwo anazimitsa motowo. Koma mbali zonse ziwiri zinatha kumumvera, pakuti zinadziwa kuti safuna kanthu ka iye mwini. Pa 11 Epulo 1963 anatulutsa kalata yake ya mtendere, Pacem in Terris, yolembera Akatolika ndi anthu onse a mtima wabwino. Atalandira masakramenti otsiriza, anamwalira pa 3 Juni 1963, ali ndi zaka 81, wosauka monga anabadwira, abale ake ali alimi monga kale. Papa Francis anamlemba m'gulu la oyera pa 27 Epulo 2014.

NANGA IFE?

Wina adzati: Ameneyo anali Papa, ine ndine mlimi wa chimanga. Inde, koma kumbukirani kuti makasu ake anawalandira kwa mlimi wa chimanga. Tiyeni tsono tiwatchule, monga angagwidwire m'nyumba ya udzu.

Loyamba ndilo pemphero la m'bandakucha. Tulo ta nkhalamba n'tochepa. Ambiri adzuka tambala woyamba asanalire. Nthawi imeneyo mtima uli ngati nyumba yotsegula: mukapanda kulowetsamo Mulungu, mulowa nkhawa ndi milandu yakale. Chitani chizindikiro cha mtanda, nenani Atate Athu mosafulumira, perekani tsikulo pamodzi ndi nyamakazi yake.

Lachiwiri ndilo kudzifufuza madzulo. Musafunse chimene ena akulakwirani lero, pakuti chimenecho mtima uchikumbuka wokha. Funsani chimene lilime lanu lanena za mpongozi, za mkamwini, za mwana wa mnansi. Funsaninso chabwino chimodzi chimene Mulungu wakupatsani, ndipo mumthokoze. Papa Yohane anazolowera kusadzudzula chilichonse chimene maso ake aona. Zambiri ankazileka zipite, nasankha zochepa zoyeneradi kukonza. Mkulu wolankhula pa kanthu kalikonse, mau ake apepuka ngati mankhusu; wolankhula kamodzikamodzi, mudzi wonse utchera khutu.

Lachitatu ndilo Kolona. Manja amene alephera khasu salephera mikanda. Mu ukalamba wake Papa ameneyu ankanena Kolona yonse tsiku lililonse, zigawo 15 monga zinalili masiku amenewo, Papa Yohane Paulo II asanaonjeze zina 5 mu 2002. Pofika pa chigawo cha kubadwa kwa Ambuye ankapempherera makanda onse obadwa tsiku limenelo pa dziko lapansi. Inunso mangani dzina pa mkanda uliwonse: mdzukulu wa kusukulu, mwana amene ali ku Joni wosalemba kalata, mwana wamkazi wa banja losweka. Munthu amene mumpempherera potchula dzina lake masiku onse, simungathe kumtemberera.

Lachinai ndilo kulapa ndi kukhululuka. Chakukhosi chili ngati mwala m'thumba la paulendo: mnyamata aunyamula osamva, koma nkhalamba uigwetsa. Musadikire mphasa ya imfa kuti muitane mbale amene simulankhulana naye. Muitaneni mukali ndi mau, mudye naye nsima m'mbale imodzi.

Lachisanu ndilo kutula. Ikafika nthawi, gawani minda mukali moyo, pamaso pa mfumu ndi mboni, kuti ana asadzamenyane pamanda panu. Udindo wa mu mphakati kapena m'bungwe la mpingo muupereke kwa wamng'ono, ndipo akalakwa mumlangize kumbali, osati pabwalo. Kutula sikuchepetsa mkulu. Mtengo wa mango ukayoyola zipatso ukhalabe ndi mthunzi.

Ndipo inu amene imvi zakupezani musanayambe zonsezi, musataye mtima. Ambuye anatiphera fanizo la mwini munda amene analemba antchito ena dzuwa litapendeka, nawalipira mofanana ndi olawirira. Chaulere cha Mulungu sichiwerenga zaka. Koma inu a zaka 30 ndi 40, musanyengedwe ndi fanizo limeneli kuti muzengereze, pakuti m'mera mpoyamba. Nkhalamba imene mudzakhala mulinkuiumba lero lino.

MAU KWA ANA NDI ADZUKULU

Dambo nalo lifuna mvula. N'kovuta kuti munthu akalambe mokoma ali ndi njala, ali yekha m'kanyumba kodontha, ana ake akumpenya ngati katundu. Lamulo lachinai la Mulungu silitha mwana akamera ndevu; pamenepo ndipo liyamba kulemera. Agogo ambiri alera ana amasiye ndi mphamvu zao zotsiriza. Kodi tidzawabwezera chiyani?

Pali choipa china chimene tiyenera kuchitchula poyera. M'midzi ina, mwana akamwalira kapena mvula ikachedwa, anthu aloza chala nkhalamba, naitcha mfiti, naigwetsera nyumba, ndipo ena aphedwa ndi adzukulu ao omwe. Dziwani kuti pali matenda a ubongo amene agwira okalamba ena: munthu aiwala maina a ana ake, alankhula zosalunzana, adzuka usiku nasokera, napezeka m'mawa pakhomo pa eni. Ameneyo si mfiti konse. Ndi wodwala, wofuna womgwira dzanja ndi kumtengera kuchipatala. Lamulo la dziko la Malawi la 1911 liletsa kunenera munthu ufiti, ndipo lamulo la Mulungu liletsa koposa. Mkristu amene atola mwala kuponya nkhalamba, akumbukire kuti imvi zili panjira kudza kwa iyenso.

Kuyambira 1 Julayi kufikira kumapeto kwake tikhala tikuyembekeza chikondwerero cha Yoakimu ndi Anna Oyera, agogo a Ambuye Yesu, pa 26 Julayi; ndipo mu 2021 Papa Francis anaika Lamulungu lachinai la mwezi umenewo likhale tsiku la agogo ndi okalamba. Koma musadikire Julayi. Lamulungu likudzali, mukatuluka m'tchalitchi, dzerani kwa nkhalamba imene miyendo yake siifikitsanso ku Misa. Iuzeni Mthenga Wabwino umene mwamva, itungireni madzi, khalani pansi, muifunse za kale. Mau a akulu akoma akagonera. Koma akoma kwa iye yekha amene anakhala pansi nawamva.

Pamene Maria ndi Yosefe anapereka Mwana m'Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, munali anthu ambiri, ansembe ndi ophunzira. Koma amene anamzindikira anali okalamba awiri, Simeoni ndi Anna mneneri, amene moyo wao wonse unali kudikira ndi kupemphera. Maso a thupi anali atafooka, koma maso a mtima anali atanoledwa masiku onse. Mulungu atipatse ife tonse ukalamba wotere, kuti podzafika madzulo a moyo wathu, ana adzathamangire pakhomo pathu, ndi moto wa mudzi udzazimire pamphasa pathu.

Yohane XXIII Woyera, amene Eklezia akukumbukirani pa 11 Okutobala, mutipempherere ife ndi agogo athu.